Mwana akamasaka mipata ya manambala, musamulande kope

Inu amene mumaweta nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija zodziwika ndi kuikira, tayesani izi madzulo ano. Tengani mazira 12 muwayale m'mizere yofanana. Zitheka bwinobwino: mizere iwiri ya mazira 6, itatu ya mazira 4, kapena inayi ya mazira 3. Tsopano onjezani dzira limodzi kuti akhale 13. Mukayala mizere iwiri, limodzi litsala. Mizere itatu, limodzi litsala. Inayi, litsalabe. Isanu, atsala atatu. Mazira 13 salola kugawidwa mofanana pokhapokha mutawandanda mzere umodzi wautali.

Nambala yamakani ngati imeneyi aphunzitsi a masamu amaitchula kuti prime number. Ife pano tiziti nambala yosagawika, kutanthauza nambala yoposa 1 imene palibe ina yoigawa popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Manambala oterewa amayamba ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, n'kumapitirira.

Padziko pano pali anthu amene akaweruka kuntchito, m'malo mokhala pa bawo kapena kupita ku mpira, amasaka malo amene manambala amenewa atalikirana kwambiri. Palibe amawalipira. Maganizo anga ndi akuti mwana wanu akayamba masewera amenewa musamuletse, ndipo inu amene mumadzipereka pa ntchito za umoyo m'midzi ndinu oyamba amene muyenera kumvetsa chifukwa chake.

Ndikulemba izi chifukwa cha mkangano umene ndinaupeza pakhomo pa mchemwali wanga kuno ku Mikolongwe. Mwana wake wamkazi wa Sitandade 7 anali atadzaza masamba akumapeto a kope ndi manambala, ena atawazunguliza, ena atawakhwatcha. Mayi ake ataona, mtima unawadumpha. Iwo amati mwanayo wayamba za kubetcha, poti achinyamata ambiri masiku ano akulemba manambala pa chifukwa chimenecho. Atamva kuti si za kubetcha, mlandu unasintha: akuwononga kope, ndipo kope ndi ndalama. Mwanayo anandikokera pambali n'kundionetsa tsamba lake. "Malume, taonani. Kuchoka pa 113 mpaka pa 127 palibe ngakhale imodzi. Onse apakatiwa akugawika." Anali wokondwa ngati watola ndalama panjira.

Mchemwali wangayo ndi mmodzi mwa anthu ongodzipereka amene amathandiza mlangizi wa zaumoyo pa tsiku la sikelo. Ndinamuuza kuti zimene mwana wake akuchita m'kope n'zofanana ndi zimene iye amachita m'kaundula wa ana. Sanandikhulupirire, ndipo mwina inunso simukukhulupirira. Tiyeni tiyende limodzi.

Kodi akusaka chiyani?

Manambala osagawika amathithikana koyambirira, kenako amayamba kupatukana. Pakati pa 1 ndi 100 alipo 25. Pakati pa 101 ndi 200 alipo 21. Pakati pa 901 ndi 1,000 atsala 14 okha. Koma sapatukana mwadongosolo ngati mapando a chimanga. Pena mupeza awiri atagundizana ngati amapasa, monga 41 ndi 43 kapena 71 ndi 73. Pena muyenda mtunda wautali osakumana ndi imodzi yomwe. Mtunda wa pakati pa nambala yosagawika ndi inzake yotsatira ndi umene tikuutcha mpata.

Kuchoka pa 7 kufika pa 11 mpata ndi 4. Kuchoka pa 23 kufika pa 29 ndi 6. Kuchoka pa 89 kufika pa 97 ndi 8. Kenako mwadzidzidzi pabwera uja anapeza mdzukulu wa mayi anga, wa 14, pakati pa 113 ndi 127. Kutsogolo kuli wa 20 pakati pa 887 ndi 907, ndi wa 34 pakati pa 1,327 ndi 1,361. Wa 34 umenewu ndi wouma mutu: mudzayenda manambala oposa 8,000 musanapeze wouposa, ndipo woupambanawo, umene uli pakati pa 9,551 ndi 9,587, ungouposa ndi 2 basi. Osaka mipata amalemba mndandanda wa mipata imene yaposa yonse ya m'mbuyo mwake, monga mmene a mpira amasungira mbiri ya ogoletsa zigoli zambiri.

Chida chake ndi sefa, ndipo sefa imeneyi inapangidwira mu Africa momwemuno zaka zoposa 2,200 zapitazo. Mwini wake ndi Eratosthenes, amene anabadwira ku Cyrene, dera limene lero lili m'dziko la Libya, ndipo ankayang'anira nyumba yaikulu ya mabuku ya ku Alexandria, ku Egypt. Kagwiritsidwe ntchito kake nkosavuta. Lembani manambala kuyambira 1 mpaka 100, khumi pa mzere uliwonse. Khwatchani 1. Zungulizani 2, n'kukhwatcha onse ogawika ndi 2. Zungulizani 3, n'kukhwatcha onse ogawika ndi 3. Chitani chimodzimodzi ndi 5 komanso 7. Otsala osakhwatchidwa onse ndi osagawika. Gaga wapita, ufa watsala.

Mwana wochenjera adzakufunsani chifukwa chimene mwaimira pa 7. Yankho ndi ili: nambala ikamagawika, ndiye kuti ndi manambala awiri ochulukitsidwa. Onse awiri atakhala oposa 10, chotuluka chingapose 100. Choncho nambala iliyonse yogawika yosapitirira 100 ili ndi yoigawa yosaposa 10, ndipo osagawika osaposa 10 ndi 2, 3, 5 ndi 7 basi. Mwa lamulo lomweli, kuti muyeze nambala iliyonse mpaka 1,361 mufunika manambala 11 okha, kuyambira 2 mpaka 31. Kope, pensulo ndi kudekha zakwana.

Chidwi chimenechi mwina n'chakale kuposa Eratosthenes. Mu 1950, ku Ishango, pafupi ndi nyanja ya Edward m'dziko la Democratic Republic of Congo, kunafukulidwa kafupa ka zaka pafupifupi 20,000 kokhala ndi timizere tozokotedwa m'magulumagulu. Mbali ina ya kafupako ili ndi magulu a timizere 11, 13, 17 ndi 19, omwe ndi manambala onse osagawika a pakati pa 10 ndi 20. Akatswiri amatsutsana ngati wozokotayo ankadziwa zimenezi kapena zinangochitika. Koma wina asakunamizeni kuti kuwerengera zinthu mwachidwi ndi khalidwe lobwera.

Mpata wautali si mathero

Phunziro loyamba la masewerawa ndi lofunika kwa aliyense wogwira ntchito za umoyo. Mwana akayenda manambala 20, 30, osapeza yosagawika, amayamba kuganiza kuti mwina atha. Sanathe, ndipo sadzatha. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria komweko cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, anapereka umboni umene mwana wa pulayimale angathe kuutsatira. Tiyerekeze kuti wina wakupatsani mndandanda n'kunena kuti osagawika onse ndi amenewa. Achulukitseni onse, muonjezere 1. Nambala yotulukayo siingagawike ndi iliyonse ya pa mndandanda uja, chifukwa nthawi zonse patsala 1. Ndiye kuti mwina iyo yomwe ndi yosagawika, kapena ikugawika ndi ina imene pa mndandanda palibe. Mulimonsemo, mndandanda unali wopelewera. Yesani: 2 × 3 × 5 ndi 30, kuonjezera 1 ndi 31, yosagawika yatsopano. Mukachulukitsa 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13 n'kuonjezera 1 mupeza 30,031, imene ndi 59 × 509, manambala awiri atsopano.

Tsopano kumbukirani poliyo. Dziko lino linatha zaka 30 osapeza mwana wodwala nthendayi, kuchokera mu 1992. Mu Ogasiti 2020 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti kachilombo ka poliyo kofala mwachilengedwe katha mu Africa. Makolo ambiri achichepere anali asanaonepo mwana wolumala ndi poliyo, ndipo ena anayamba kuona ngati madontho a katemera aja ndi mwambo chabe. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi nthendayi, ndipo kachilombo kake kanali kofanana ndi kamene kamapezeka ku Pakistan. Ambiri a inu munayenda khomo ndi khomo chaka chimenecho, bokosi la katemera lili m'manja. Zaka 30 zija unali mpata chabe.

Sindikunena kuti matenda ali ngati manambala, osatha. Nthomba inatha: wodwala womaliza woitenga mwachilengedwe anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 dziko lonse linalengezedwa kuti lilibenso nthendayi. Koma chimene chinatsimikiza kuti yatha ndi kufufuza kwa dziko ndi dziko, mudzi ndi mudzi. Kukhala chete kokha sikukanakwanira. Mpata pawokha sukuuzani ngati chinthu chatha kapena changobisala. Pamafunika umboni, ndipo mwana wozolowera kufunsa kuti "umboni wake uli kuti?" ali ndi zaka 12 adzakhala mlangizi wa zaumoyo wabwino, namwino wabwino, ngakhale kholo labwino.

Yezani mpata ndi anzake oyandikana nawo

Phunziro lachiwiri ndi limene limasiyanitsa wosaka mipata weniweni ndi wongowerenga. Kupanga mpata wautali nkosavuta. Chulukitsani 2 × 3 × 4 × 5, mupeza 120. Popeza 120 ikugawika ndi 2, ndiye kuti 122 igawikanso ndi 2. Momwemonso 123 igawika ndi 3, 124 ndi 4, 125 ndi 5. Mwapeza manambala anayi ondondozana opanda yosagawika, ndipo ali mkati mwa mpata uja wa 113 ndi 127. Mukafuna manambala 100 ondondozana, chulukitsani kuyambira 2 mpaka 101 n'kuchita chimodzimodzi. Choncho mipata ilibe malire, ingatalike mmene mungafunire.

Vuto ndi lakuti nambala imene mwapanga mwa njira imeneyi ili ndi madijiti 160, pomwe mpata woyamba woposa 100 uli pafupi kwambiri, pakati pa 370,261 ndi 370,373, nambala ya madijiti 6 okha. N'chifukwa chake osaka mipata safunsa kutalika kokha. Amafunsa kuti, poyerekeza ndi mipata ya m'dera limenelo, uwu watalika kangati? Pafupi ndi 1,000, manambala osagawika amatalikirana pafupifupi 7. Pafupi ndi 1 miliyoni, pafupifupi 14. Pafupi ndi 1 biliyoni, pafupifupi 21. Mpata wa 34 pa 1,327 ndi wodabwitsa chifukwa ndi pafupifupi kasanu kuposa wa masiku onse. Womwewo wa 34 utapezeka ku mabiliyoni, palibe angautembenukire. Mu 1999 Bertil Nyman wa ku Sweden anapeza mpata wa 1,132 pambuyo pa nambala ya madijiti 16, kumene mpata wamba ndi pafupifupi 35. Umenewo ndi woposa wamba ka 32, ndipo osaka mipata amautchulabe mpaka lero.

Inu a zaumoyo, kodi si zimene mumachita? Boma lathu la Chiradzulu ndi limodzi mwa malo oyamba m'dziko muno kumene anthu anayamba kulandira ma ARV, mu 2001, mothandizidwa ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, choncho kulondola anthu amene asiya kubwera kuchipatala si ntchito yachilendo kuno. Munthu amene anapatsidwa mankhwala a miyezi itatu akatha miyezi iwiri osaoneka, palibe nkhani. Koma khanda limene linalandira katemera wa pa masabata 6 likatha miyezi iwiri osaoneka, pamenepo pali nkhani, chifukwa limayenera kubweranso pa masabata 10 ndi 14. Mwana womweyo akamaliza wa masabata 14, katemera wa chikuku amadikira mpaka miyezi 9, ndipo wachiwiri pa miyezi 15. Miyezi iwiri yomweyo pena ndi mpata wamba, pena ndi belu lochenjeza. Wodziwa ntchito amayeza mpata ndi umene umayenera kukhalapo pamalopo.

Pali kusiyana kumodzi kofunika. Mpata wa manambala sungathe kuutseka, unakhala choncho ndipo udzakhala choncho. Mpata wa m'kaundula uli ndi chifukwa: mayi wadwala, banja lasamuka, mtsinje wadzaza, kapena apongozi aletsa. Umenewo mungathe kuutseka. Ndipo inu makolo dziwani kuti mwana akachedwa kulandira katemera sayambiranso poyamba, amapitiriza pamene anasiyira. Musachite manyazi kubwera naye mochedwa.

Khomo lililonse ligogodedwe

Phunziro lachitatu ndi la kukhulupirika. Kuti munthu anene kuti pakati pa 1,327 ndi 1,361 pali mpata, ayenera kuonetsa kuti nambala iliyonse mwa 33 apakatiwo ikugawika, ndipo atchule yoigawa. Ambiri ndi osavuta: othera ndi 0, 2, 4, 5, 6 kapena 8 amadziulula okha. Koma pali ena onyenga. Mukaiona 1,333 imaoneka ngati yosagawika. Muyesa 3, ikana. Muyesa 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, ikanabe. Wotopa msanga aizunguliza n'kuphonya mpata wonse. Wodekha ayesa 31 n'kupeza kuti 1,333 ndi 31 × 43. Chimodzimodzi 1,343 ndi 17 × 79, 1,349 ndi 19 × 71, ndipo 1,357 ndi 23 × 59. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lipoti la mwezi likanena kuti m'mudzi mulibe mwana wonyentchera, funso ndi lomweli. Kodi ana onse anayezedwa, kapena anayezedwa okhawo amene anabwera ku sikelo? Ziro wa munthu amene wagogoda khomo lililonse ndi ziro wa munthu amene mvula inamubweza panjira amalembedwa mofanana papepala, koma wachiwiriyo angathe kubisa mwana amene akufa. Masamu a mipata amaphunzitsa mwana kuti mawu oti "palibe" ndi olemera, sanenedwa usanayang'ane paliponse.

Nkhani ya Thomas Nicely ikuonetsa kumene kusamala kotere kungafike. Iye anali mphunzitsi wa masamu pa koleji ya Lynchburg ku Virginia, m'dziko la America, ndipo ankafufuza manambala osagawika amapasa pogwiritsa ntchito makompyuta. Mu 1994 anaona kuti zotsatira za kompyuta ina yatsopano zikusiyana pang'ono ndi za anzake. Sanangoti makina salakwitsa. Anatha miyezi akufufuza mpaka anapeza kuti cholakwika chinali m'kachipangizo ka Pentium ka kampani ya Intel, kamene kankaphonya pogawa manambala ena. Kampaniyo inataya madola 475 miliyoni posinthira anthu tizipangizoto. Nicely anapitiriza kusunga mndandanda wa mipata ya manambala kwa zaka zambiri mpaka anamwalira mu 2019. Sikelo ikaonetsa kuti ana onse a m'mudzi atsika thupi mwezi umodzi, munthu wa mtima wa Nicely amayamba wayeza sikeloyo.

Nanga phindu lake?

Ndikudziwa zimene ena mukunena, ndipo sindikuzipeputsa. Choyamba, mulibe ndalama. N'zoona. Mwana wanu sadzagula thumba la feteleza ndi mpata wa 34. Chachiwiri, mipata yonse imene angaipeze ndi pensulo inapezedwa kale, ndipo amene akuswa mbiri lero akugwiritsa ntchito makompyuta amphamvu oyaka usana ndi usiku, pomwe kwathu kuno ngakhale kutchaja foni n'kolipira. N'zoonanso. Chachitatu, kope ndi lodula, madzi akufunika kutunga, mbuzi zikufunika kumanga, ndipo mayeso a MANEB sadzafunsa za mpata wa pakati pa 887 ndi 907.

Yankho langa ndi ili. Mwana amene akusewera mpira wa mapepala pa bwalo la sukulu sitimuletsa chifukwa choti sadzafika ku Flames. Timadziwa kuti akulimbitsa thupi. Amene wayeza ngati 1,333 ikugawika wachita masamu ogawa kakhumi ndi kangapo popanda womukakamiza, ndipo kugawa ndi kuchulukitsa ndi zimene mayeso aja amafunsa. Ndi zimenenso namwino amagwiritsa ntchito powerengera mlingo wa mankhwala molingana ndi kulemera kwa mwana, ndi zimene wophunzira za umisiri pa sukulu ya DAPP ya Mikolongwe amafuna poyeza matabwa ndi njerwa, ndi zimene wosamalira ziweto amafuna posakaniza mankhwala a nkhupakupa. Kuti mipatayo inapezedwa kale zilibe kanthu. Kwa mwanayo ndi yatsopano, ndipo waipeza yekha.

Komanso manambala amenewa sali opanda ntchito monga ankaganizira anthu akale. Mu 1977 akatswiri atatu, Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman, anapanga njira yobisira mauthenga yotchedwa RSA, imene yakhala ikuteteza mauthenga ndi ndalama zoyenda pa intaneti. Chinsinsi chake ndi chija mwachiona pa 1,333: kuchulukitsa 31 ndi 43 nkosavuta, koma kupatsidwa 1,333 kuti upeze amene anaibala n'kovuta, ndipo manambalawo akakhala a madijiti mazanamazana ngakhale kompyuta imalephera. Chilengedwe nacho chimawadziwa. Ku America kuli nyenje zimene zimakhala pansi pa nthaka zaka 13, zina zaka 17, zisanatuluke. Magulu awiri otere amakumana kamodzi pa zaka 221, chifukwa 13 × 17 ndi 221, ndipo awiri ena amene anatulukira pamodzi mu 1803 anakumananso mu 2024.

Ndipo nkhani ya mipata sinathe, ngakhale kwa akatswiri. Mpaka lero palibe amene watsimikiza ngati manambala amapasa aja, otalikirana 2, ndi osatha. Mu 2013 Yitang Zhang, mphunzitsi wa zaka 58 amene sankadziwika ndipo anagwirapo ntchito m'sitolo ya zakudya ya Subway atasowa ntchito ya uphunzitsi, anaonetsa kuti mipata yosaposa 70 miliyoni imapezekabe ngakhale mutapita kutali chotani. Pofika 2014 anzake anali atatsitsa malirewo kufika pa 246. Chaka chomwecho James Maynard wa ku Britain payekha, komanso gulu la Kevin Ford, Ben Green, Sergei Konyagin ndi Terence Tao, anayankha funso la mipata ikuluikulu limene Paul Erdős wa ku Hungary analonjezapo mphoto ya madola 10,000. Nayonso nambala yosagawika yaikulu imene inapezeka mu Okutobala 2024, ya madijiti oposa 41 miliyoni, anaipeza ndi Luke Durant kudzera m'gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa GIMPS, limene linayamba mu 1996. Ongodzipereka ali ndi malo awo m'sayansi, monganso ali nawo pa zaumoyo.

Pali phindu lina limene mchemwali wanga analimvetsa msanga. Mantha ake oyamba anali a kubetcha. Wobetcha amadzinamiza kuti popeza waluza kakhumi, ulendo uno adya basi, ngati kuti kutalika kwa mpata ndi lonjezo. Mwana amene wazolowera kufunsa umboni amazindikira msanga kuti makina obetchera sakumbukira kuti munaluza dzulo. Ngati mwana wanu ayenera kukonda manambala, ndi bwino awakonde m'kope kusiyana ndi kukawakondera pa foni ya kubetcha.

Zimene mungachite

Sindikupemphani ndalama. Masamba otsala a kope la chaka chatha akwana, ngakhale kuseri kwa kalendala yakale. Ana aang'ono ayambe ndi nyemba, zitsekerero za mabotolo kapena timiyala ta bawo: atenge 15 ayale mizere yofanana, kenako atenge 17 aone kusiyana. Aakulu alembe sefa ya 1 mpaka 100, mawa lake 101 mpaka 200. Mwana akakuonetsani mpata, musamuyamike msanga. Lozani nambala imodzi yapakati, monga 119 kapena 91, mumufunse kuti ikugawika ndi chiyani. Akayankha kuti 119 ndi 7 × 17, ndipo 91 ndi 7 × 13, pamenepo muyamikeni. Simufunika kudziwa masamu ambiri kuti mufunse funso limeneli.

Onetsetsani kuti mpata wochitira zimenezi ukupezeka kwa atsikana omwe. Pakhomo pambiri mnyamata akakhala ndi kope timati akuwerenga, mtsikana akakhala nalo timati akuthawa ntchito. Theka la ola ntchito zapakhomo zikatha silingagwetse nyumba. Koma masewera akhale masewera: mwana adye, agone nthawi yake, acheze ndi anzake, ndipo asamawerenge pa kuwala kochepa mpaka maso kuwawa. Mukaona kuti wasiya kudya, sakugona, kapena wadzipatula kwa anthu onse, chikhale chifukwa cha manambala kapena china chilichonse, kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo.

Inu ongodzipereka, pa tsiku la sikelo amayi amadikira nthawi yaitali ndipo ana okulirapo amene awaperekeza amangoyendayenda. Pepala limodzi la manambala 1 mpaka 100 lingawakhazike pansi. Ndipo mukatsegula kaundula wanu mwezi uno, mufunseni mafunso atatu a wosaka mipata. Ndani sanaoneke? Kodi nthawi imene wasowayi ndi yoyenera pa msinkhu wake, kapena yapitirira? Pamene ndalemba kuti palibe, ndinafikadi khomo lililonse?

Mchemwali wanga sanamulande mwana kope lija. Anamupatsa lina lakale la mchimwene wake, n'kumuuza kuti la kusukulu alisiye. Mwanayo pano wadutsa 400, ndipo wadandaula kale kuti mpata wa 14 waupezanso kawiri, pa 293 ndi pa 317, koma wouposa sakuuona. Ndamuuza kuti ulipo, pakati pa 500 ndi 600. Inunso sindikuuzani pamene uli. Mupatseni mwana wanu pensulo aufune, ndipo mumuchenjeze kuti mkati mwake muli manambala atatu onyenga, oti akangoyesa 2, 3, 5, 7 ndi 11 n'kusiyira pomwepo, amupusitsa.